Mbale Zobooledwa za pa Chilumba

Amayi, kodi kumeneko zikukuyenderani bwanji?

Ine kuno ndilipo. Thupi lili bwino, koma mtima wanga wanyansidwa ndipo chakudya sichikutsika bwino pakhosi. Ndikulemba ndili ku Dubai konkuno, koma osati ku Mirdif, kunyumba ya mpanda ija ndinkagwirako ntchito yolera ana ndi kukonza m'nyumba. Kumeneko anandichotsa. Panopa ndili ku International City, m'chipinda chimene timagonamo akazi ambirimbiri pa mabedi osanjikiza, aliyense kulipira malo a bedi lake basi. Kunsi kwa bedi langa kuli katoni. Zimene zili m'katonimo ndi zimene zandichotsetsa ntchito, ndipo ndi zomwezo zandilembetsa kalata ino. Koma inu munkadana ndi munthu wofika ndi nkhani pakamwa asanapereke moni, ndiye ndiyambe ndi za kumudzi.

Mzime wanu Felesiya anachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ndimamuona pa foni. Ali ndi chipumi chanu chenicheni, moti akakwinya nkhope ndimachita kukhala bwino pampando, kuganiza kuti andifunsa chifukwa chake sindinasese kuseri kwa chitseko. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula ngayaye. Mtedza ndiye wadzaza, mpaka alamu ayamba kulankhula mokweza pa msika. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, kenako inakadya nyemba za a Nachisale, ndipo mlanduwo unatha ndi nkhuku. Mtengo wa mapeyala umene munkakaniza kudula unagwera pa khitchini. Palibe anavulala, koma aliyense akuti mukanakhalapo mukanati khitchiniyo ndi imene inamangidwa pamalo olakwika.

Achimwene Yohane ali pa kalikiliki wa chiliza chanu. Akunditumizira zithunzi za matailosi, ena akuda onyezimira, ena oyera ngati a m'bafa. Chilizacho sindikukana. Koma akuti kapu yanu ichoke. Kapu yachitsulo yoyera ija, yosupuka m'mlomo, imene munkamwera tiyi, imene mwana aliyense ankadziwa kuti kuigwira n'kuputa mkwapulo. Adzukulu anaiboola ndi msomali n'kuiika pa mtumbira wanu tsiku la maliro. Ine ndinazionera pa foni, nditakhala pansi m'kachipinda kochapira, poti Madamu, mayi amene ndinkawagwirira ntchito, anati ana ali pa mayeso, sindingapite. Achimwene akuti kapuyo yachita dzimbiri ndipo ikutichititsa manyazi, anthu aziti mwana wawo ali ku Dubai koma pa manda pali chitini. Sindinawayankhe. Ndikufuna ndiyambe ndauza inu zimene ndaona.

Bwana, amuna a Madamu, ali ndi anzawo amene amamanga nawo mahotela. Kuno, Amayi, anthu amachita kuthira mchenga m'nyanja kuti apange zilumba, n'kumangapo nyumba zokhalamo anthu osadziwana. Koma zopangazo zinawakwana, akuti alendo olemera tsopano akufuna chilumba chenicheni, chakutali, chopanda phokoso. Ndiye chaka chino anapatsidwa malo pa kachilumba kena pakati pa nyanja yamchere, ndipo pa holide ya ana banja lonse linapita kukaona, ine ngati wonyamula ana ndi zikwama. Inu munkati ku Nsanje n'kutali. Tinakwera ndege yaikulu, kenako ndege yaing'ono yonjenjemera, kenako sitima imene inandisanzitsa mpaka ndulu. Dzina la chilumbacho ndi la Chifalansa, lilime langa limalikana. Ndi kamtunda kopyapyala, mchenga ndi mitengo ya kokonati basi, kopanda ngakhale chulu. Ukaima pakati umamva nyanja ikulira uku ndi uku. Munthu atanyamuka atangomwa phala, angafike kumapeto kwa dziko lawo lonse dzuwa lisanatenthe.

Ndisaname, poyamba kunandinyansa. Paliponse pankanunkha kokonati woyanika ndi nsomba. Makoswe amakwera mitengo masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nkhanu zimalowa m'nyumba ngati zili ndi gawo. Tsiku loyamba anandipatsa ndiwo ya chinyama cha m'nyanja cha miyendo yambirimbiri yomata, ndipo ndinaimeza chifukwa cha ulemu basi. Ndinkadzifunsa kuti munthu angakhalire chiyani malo otere.

Anthu ake ndi ochepa, mudzi wathu ukuwaposa. Msewu ndi umodzi, thirakitala imodzi, ndipo thirakitala yomweyo ndi basi, ndi ambulansi, ndi galimoto ya ukwati. Madzi amamwa a mvula, otchera pa malata. Sitima yobweretsa mpunga, sopo ndi mankhwala imabwera mwa apo ndi apo, ndipo nyanja ikakwiya sibwera n'komwe. Zikatero amangodya nsomba, mazira a mbalame ndi kokonati, n'kumachapa ndi phulusa. Amuna akabwera kokawedza amakhuthula nsomba zonse pa mchenga n'kugawa khomo ndi khomo, wamasiye ndi wodwala omwe, poti pamenepo palibe msika woti munthu akagule. Dokotala kulibe, kuli namwino mmodzi. Mayi akakhala ndi pakati amamukweza sitima kupita ku chilumba chachikulu kumene kuli chipatala, choncho masiku ano palibe mwana amene amabadwira kumeneko. Kumangofera anthu.

Zambiri mwa izi anandiuza ndi a Roziline, mayi amene amaphikira alendo pa nyumba imene tinafikira. Ndi wachikulire pang'ono, wakuda ngati ife, wa manja okhakhala ndi mchere. Tinkamvana m'Chizungu chothyokathyoka, chawo chotsimphina mwendo uwu, changa mwendo winawo. Tikupala nsomba kuseri kwa nyumba anandifotokozera mbiri yawo. Kale pa chilumbapo panalibe munthu, mbalame ndi akamba okha. Azungu anabweretsa anthu ogula, akapolo, kuti azitola kokonati, kuswa, kuyanika, n'kuyenga mafuta. Ukapolo utatha unangosintha dzina, poti malipiro anali mpunga ndi mowa, ndipo sitolo yogulamo inali ya mzungu yemweyo. Chaka china namondwe anasesa nyumba zonse, anthu anapulumuka podzimangirira ku mitengo. Mafuta a kokonati atasiya kuyenda malonda, eni kampani anakwera sitima osatsanzika. Anthu anatsala, poti akanapita kuti? Makolo awo ankangonena kuti anachokera ku mtunda waukulu, kumene kuli nyanja ya madzi opanda mchere. Nditamva zimenezo ndinasiya kupala nsomba. Ndinawauza kuti kwathu kuli nyanja yotero, ndipo inu munkasimba za anthu amene anagwidwa kale n'kuwolotsedwa, osabwereranso. Tsiku limenelo a Roziline anandiwonjezera nsomba.

Lamulungu a Roziline anandipempha kuti ndiwaperekeze ku manda kukazula udzu pa mtumbira wa mayi awo, a Selina. Manda alipo awiri. A azungu ali ndi mpanda wa miyala ndi zolembalemba, ngakhale palibe wachibale wotsala woti n'kubwera kudzawerenga. A anthu akuda ali kuseri, pansi pa mitengo. Tisanalowe a Roziline anaima n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, kuodira. Ndi mmene inu munkachitira, Amayi. Titalowa ndinaona mitumbira ya mchenga yozunguliridwa ndi zigoba za m'nyanja. Panalibe mtanda wolembedwa dzina, poti mtengo umaola msanga ndi mchere, komanso akale sankadziwa kulemba. Koma pa mtumbira uliwonse panali mbale yachitsulo, kapena kapu, kapena kaketulo, ndipo chilichonse chinali chobooledwa pansi.

Ndinafunsa ngati sindikudziwa. A Roziline anati, "Munthu akafa, chodyera chake chimafa naye. Timachiboola kuti wamoyo asadyerenso. Ndipo dzina lake ndi chomwecho. Ukafuna kudziwa amene wagona apa, yang'ana mbale." Ya mayi awo inali yoyera, ya mkombero wabuluu, ndi duwa lofiira pakati, bowo lili pa duwa penipeni. Amayi, ndinalira pamenepo, pa manda a eni, maliro anu amene sindinawalire mokwanira m'kachipinda kochapira. Munkati maliro n'kulirana, ndipo a Roziline anandisiya ndilire osandifunsa kanthu. Potuluka tinasamba m'manja ndi madzi a m'nyanja.

Bwana anachititsa msonkhano pansi pa mtengo. Analonjeza kuti hotela ikadzamangidwa kudzakhala ntchito, magetsi ndi dokotala, ndipo manda sadzakhudzidwa. Anthu anangomvetsera, malonjezo anawazolowera. Madamu iwo ankangodandaula za ntchentche ndi netiweki, ndipo mwana wa pa chilumbapo akagwira chidole cha ana awo ankandiuza kuti ndichitsuke ndi mankhwala. Koma masiku omalizira anayamba kupita kokayenda okha m'mawa, atakoleka chikwama cha nsalu, akuti kukatola zigoba. Anthu kumeneko sapita ku manda mwachisawawa, ngati kwathu, ndiye palibe anaona kanthu. Tsiku lonyamuka sutikesi yawo ina inkalemera n'kumalira ngwengwengwe. Ndinaisenza ndine mpaka ku boti, ndipo amene ananditwika ndi a Roziline.

Titabwerera ku Mirdif, Madamu anandiitana kukhitchini. "Esi, yalla, fulumira, tsegula sutikesi iyo, utsuke zonse bwinobwino. Usakweche kwambiri, dzimbirilo ndi limene likukongoletsa." Ndinatsegula. Zinali zokulungidwa m'matawelo a ana, matawelo amene ndinkawapukutira kumaso. Mbale, makapu, kaketulo, zonse zobooledwa, zina zikadali ndi mchenga ndi timizu ta udzu. Ya duwa lofiira inali pamwamba.

Ndinati, "Madamu, izi n'za pa manda."

Anaseka. "Habibti, wokondedwa wanga, zinali zotayidwa pa mchenga, zikungoola. Akufa sadya. Kuno anthu amavutika kufunafuna zakale zenizeni ngati izi. Ndipo taona, zili kale ndi bowo la msomali, kwangotsala kukoloweka pakhoma."

Amayi, ndaona zonyansa zambiri pa ntchito ino. Ndatsuka zimbudzi za anthu akuluakulu osadziwa kuthira madzi. Ndatola matewera oiwalika kunsi kwa mipando ya galimoto. Ndaona mpunga wokwanira ukwati ukutayidwa m'bini tsiku ndi tsiku. Zonsezo sopo amachotsa, kapena munthu umazolowera. Koma munthu wophunzira, wonunkhira mafuta odula, wosamba kangapo pa tsiku, wochita nseru ndi chala cha mwana wa eni, kukagwada pa mitumbira n'kumatola mbale ngati akuzula bowa, chimenecho chinandinyansa kufika m'mafupa.

Ndinatsuka. Munkati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo viza yanga inali m'manja mwawo. Ndinavala magolovesi, ndikuona mchenga wa pa manda ukutsika mu sinki imene ndinkatsukiramo botolo la mwana. Nditamaliza ndinakasanza. Mankhwala amene adzukulu amasambira kuno kulibe, ndiye ndinasamba m'manja ndi mchere, koma ndinkangomva ngati sizinachoke. Mawa lake anabwera mmisiri n'kukhoma misomali pa khoma la majilisi, chipinda cholandiriramo alendo. Anakoloweka mbalezo m'mizere, n'kuikira ndi timagetsi towalitsa. Bwana atalowa anayang'ana n'kunena kuti zidzaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira hotela. Ameneyu ndi munthu yemwe uja analonjeza pansi pa mtengo.

Ntchito yopukuta fumbi pa mbalezo inali yanga m'mawa uliwonse. Ndinkaodira chamumtima ndisanalowe. Tsiku lina ndinapeza kamtsikana ka Madamu, kamene ndakalera kuyambira kali kakhanda, katatsitsa kapu imodzi n'kuthiramo madzi kuti kamwe. Madziwo ankadontha pa bowo n'kunyowetsa diresi. Ndinakalanda mwamphamvu mpaka kanalira. Madamu anali pomwepo akujambula ndi foni, akuseka, ndipo amene anakalipiridwa ndine chifukwa choliza mwana. Kuyambira tsiku limenelo chakudya cha m'nyumbamo chinandikanika. Ndinkangodya buledi wouma m'chipinda changa.

Patapita masabata a Roziline ananditumizira mawu pa foni. Kumeneko netiweki imagwira pa ofesi pokha, ndiye uthengawo unafika modukaduka, koma ndinaumva. Anthu anapita ku manda kukaika nkhalamba ina n'kupeza mitumbira ili mbulanda. Ndipo aliyense ankadziwa kuti mlendo amene analowa ku manda ndi mmodzi, mtsikana wakuda wa alendo aja, ndipo womulowetsa ndi Roziline. Za Madamu palibe anaganizira, poti munthu wolemera angabe mbale zadzimbiri kuti atani nazo? Ankati ine ndatenga kukapangira mankhwala, ndipo a Roziline alandirapo kanthu. Azimayi anasiya kuwapatsa moni. Pogawa nsomba khomo lawo ankalidumpha. Amayi, kumudzi anthu akakusala umasamukira kwa amalume kutsidya kwa mtsinje. Pa chilumba chija usamukira kuti? Mawu awo omaliza anali akuti, "Esnati, sindikukunena. Ndingofuna undiuze ngati unaiona mbale ya mayi anga."

Ndinali nditaipukuta m'mawa womwewo. Ndinawayankha zoona zonse, n'kutumiza ndi chithunzi cha khoma lija. Akuluakulu atachiona anati chithunzi sangachiike pa mtumbira. Mbale zibwere, ndiye Roziline adzamupatsenso moni ndi nsomba.

Ndinapempha Madamu mwaulemu, nditagwada monga munatiphunzitsira, kuti zinthuzo zibwerere kwa eni ake. Ndinawauza ndi za a Roziline zomwe, mayi amene ankawaphikira n'kumawasankhira nsomba yopanda minga. Anafunsa kuti Roziline ndi uti. Kenako anati, "Khalas, Esi, nkhani yatha. Usandidwalitse mutu, kukubwera alendo."

Alendowo anali anzawo a Bwana oika ndalama mu hotela ija, ndi akazi awo. Madamu anatsitsa mbale ya duwa lofiira pakhoma, n'kuunjikamo tende, tizipatso totsekemera timene kuno amalandirira nato alendo, n'kundiuza kuti ndizungulire nayo. Ndinainyamula. Ndinayenda nayo mpaka pakati pa chipinda. Mayi wina wa ndolo zikuluzikulu anatola chipatso, n'kuluma, n'kuyamikira mbaleyo, kenako anafunsa kuti bowolo n'lachiyani. Anafunsa ine, Amayi, osati Madamu. Inu munkati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo. Ndinati, "Bowolo amaboola kuti wamoyo asadyeremo. Mbale iyi inali pa manda a mayi wina, dzina lawo a Selina, ndipo mwana wawo akuifuna. Zonse zili pakhomazo n'za pa manda."

Mayi uja analavulira chipatso m'kapepala n'kupempha madzi. Bambo wina wachikulire anaimirira, ananena mawu a pemphero m'Chiarabu, n'kutuluka osatsanzika. Koma musaganize kuti onse ananyansidwa. Mtsikana wina wa milomo yopenta anayandikira khoma ndi foni yake, n'kufunsa Madamu ngati ku chilumbako zatsalako zina, akufuna za m'nyumba yake yatsopano. Chimenecho chinandinyansa kuposa zonse, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka ndimafuna kulavula.

M'mawa mwake sutikesi yanga inali pa geti. Madamu sanakalipe n'komwe, anangoti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu ndipo ndine wosayamika. Manyazi awo anali a kugwidwa, osati a kuba. Mbalezo tsopano zinawanyansa nawonso, poti alendo azidziwa, ndiye anauza dalaivala kuti azichotse akataye ku bini.

Dalaivalayo ndi Che Saidi, bambo wa ku Mangochi, Msilamu wosalankhulalankhula amene wagwira pa nyumbapo zaka zambiri. Ndi amene anandiperekeza kuno. Titafika anatsegula kumbuyo kwa galimoto, n'kutulutsa sutikesi yanga, kenako katoni. Anati, "Achemwali, ife kwathu sitiika mbale pa manda, chipembedzo sichilola. Koma za akufa kuzitaya pamodzi ndi mafupa a nkhuku, wallahi, manja anga akana. Anandiuza kuti ndizichotse, ndazichotsa. Kotsalako mudziwa ndinu." Anandisiyira ndi buledi, n'kubwerera ku ntchito.

Anzanga a m'chipinda sanakondwe. Misozi, mtsikana wa ku Zambia amene amagona pa bedi la pamwamba panga, anati, "Iwe Esnati, manje tizagona bwanji na vinthu va kumanda pansi pa bedi? Ise tinabwela kusakila nchito, osati mizukwa." Sindinamutsutse, poti nanenso ndimagona ndi diso limodzi. Koma ndinamuuza kuti eni mbalezi akhala pakhoma la Madamu nthawi yonseyi akuonerera anthu akudya, ndipo ngati sanavutitse a m'nyumba imeneyo sangayambire ife. Anaseka, ndipo tsiku lotsatira anatulutsa chitenje chake chakale kuti tiphimbire katoniyo.

Ndayendayenda ku Naif, kumene kuli masitolo otumiza katundu kunja. Ku Lilongwe amatumiza, ku Lusaka amatumiza, mafiriji ndi matayala omwe. Chilumba chija palibe anachimvapo. Bambo wina anachifufuza pa kompyuta, kukulitsa mapu mpaka mphuno kugunda galasi, n'kundiuza kuti pamenepo pali madzi okhaokha. Wina atatsegula katoni anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kulipirira zinyalala. Mapeto ake ndapeza wina amene angafikitse pa chilumba chachikulu, kumene mwana wa a Roziline amagwira ntchito pa doko. Iyeyo adzasunga mpaka sitima ya mpunga idzanyamuke. Liti? Inshallah, monga amanenera kuno akafuna kuti usafunsenso. Katoniyo ndikukapereka mawa. Ntchito ina ndikufunafuna viza isanathe. Ikatha ndibwera kumudzi kudzathandiza kusenda mtedza, si imfa.

Ndisanamange katoni ndinajambula chilichonse pachokhapachokha n'kutumiza. A Roziline akuti anthu anasonkhana pa ofesi paja, foni ikuyenda m'manja. Aliyense ankatchula zake: iyi ya msodzi amene anamira, iyi ya mzamba, kaketulo n'ka bambo wa ana amapasa. Mayi wina amene anasiya kuwapatsa moni ataona kapu ya mwamuna wake anakhala pansi pa mchenga, ndipo pochoka anagwira a Roziline pa phewa, ngakhale sanalankhule. Moni weniweni ukudikira sitima.

Koma panali kapu imodzi, yaing'ono, yobiriwira, yothyoka chogwirira, imene palibe anaidziwa. Ngakhale munthu wamkulu kuposa onse pa chilumbapo anati anaipeza ili kale pa manda iye ali mwana. Mwini wake alibe wotsala. Dzina lake linapita, chimene chinatsala ndi kapuyo basi, ndipo Madamu anainyamula nayonso. Ndinafunsa kuti nanga adzaiika pati. A Roziline anati akuluakulu agwirizana kale. Aliyense adzabweza yake pa mtumbira wa kwawo, ndipo mtumbira umene udzatsale wopanda kanthu ndi wa mwini kapu.

Kapu imeneyo ndinaigwira nthawi yaitali, Amayi, popanda magolovesi. Mwina mwini wake anali wa kwathu, mmodzi mwa owolotsedwa aja. Sindidziwa. Chiliza analibe, matailosi analibe, wolemba dzina lake panalibe. Koma kapu yake yafika mpaka ku Dubai, yakhala pakhoma la anthu osadziwa manyazi, yagona kunsi kwa bedi langa, ndipo ikubwerera kukamupeza.

Ndikangomaliza kalata ino ndiwaimbira achimwene Yohane. Matailosi aike, akuda kaya a m'bafa, asankhe okha. Koma mmisiri asiye malo kumutu, ndipo kapu yanu ikhale pomwepo ndi dzimbiri lake. Amene akuchita nayo manyazi aziyang'ana kumbali. Ndikulonjeza kuti ine ndili moyo palibe adzaichotse. Ndikadzabwera, kaya ndi ntchito kaya popanda, ndidzaima kunja kwa manda n'kuodira, ndidzazula udzu ndi manja anga, ndipo ndidzakulirani bwinobwino monga zinayenera kukhalira.

Mupereke moni kwa Ababa. Ndipo mukakumana ndi a Selina, mayi a mbale ya duwa lofiira, muwauze kuti mbale yawo ili m'njira. Muwapemphe andikhululukire poti ndinaitsuka ndi sopo wa amoyo.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ndine mwana wanu,
Esnati